Mbalame ya maliboni oyera ku mapiko pa msewu wa ku Malingunde: alipo akuidziwa?

Mayi a Tadala, Chinsapo

Moni nonse. Ndine mlendo muno, wandikakamiza kulowa ndi mwana wanga, ndiye mundikhululukire ngati funsoli ndi lachibwana.

Loweruka lapitali ndinapita kumudzi, kutsogolo kwa Malingunde, kukawasiyira mayi anga mankhwala a BP ndi kashuga. Mukudziwa za kumudzi, iwe ukuti ndinyamuke 3 koloko, iwo nkhuku akuyamba kuithamangitsa 3 koloko yomweyo. Pomwe ndimasamba m'manja dzuwa linali litafiira kale, lija la mu Seputembala lomwe umatha kuliyang'ana osaphethira chifukwa cha utsi wa moto wolusa. Minibasi zinali zitatha, ndiye ndinakwera njinga yamoto ya mnyamata wina kuti akanditule pa Chigwirizano.

Sitinapite patali mdima unagwa. Pamalo ena pomwe msewu wafumbi umadutsa m'katchire ka mombo, getsi la njinga linaunika timaso tiwiri tofiira pansi, pakati penipeni pa msewu. Ndinati mwina kalulu. Titayandikira chinthucho chinadzambatuka n'kuuluka. Abale, ine ndakulira kumudzi, koma chotere sindinachionepo. Thupi lake ngati la njiwa, koma ku phiko lililonse kukulendewera chinthu chachitali choyera, ngati maliboni omwe amamanga pa galimoto ya ukwati. Chikuuluka mwakachetechete, ngakhale kaphokoso ka mapiko osamveka, maliboni aja akungoyandama pambuyo pake. Chinazungulira kamodzi m'kuwala kwa getsi n'kukateranso pamsewu pomwepo kutsogolo kwathu. Tinachidzutsa katatu.

Kachitatuko mnyamata uja anayamba kupemphera mokweza, n'kunditembenukira: "Mayi, imeneyi ndi ndege ya anthu oipa, gwiritsitsani!" Liwiro lake kuchokera pamenepo, ndinafika pa Chigwirizano msana uli wa eni, thumba la ufa lomwe mayi anandipatsa litabooka pakona. Mantha ndinali nawo, ndisaname, koma maso anga anaona bwinobwino kuti ndi mbalame.

Tadala wanga ali sitandade 6 ndipo ali mu kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwawo. Nditamufotokozera, m'malo mondipepesa anandikalipira kuti bwanji sindinajambule. Ndijambula ndi chiyani, dzanja lina lagwira ufa lina lagwira jekete la munthu amene akudzudzula ziwanda?

Mafunso anga ndi awiri. Kodi ndi mbalame yanji? Chachiwiri, mwanayu sakundipumitsa, akuti aphunzitsi awo anawauza kuti nyengo ino kumabwera mbalame zachilendo zochokera kutali. Mu Lilongwe muno munthu wopanda galimoto, wopanda ma binoculars, angamutengere kuti mwana kukaona mbalame? Mpata ndimaupeza Lamulungu masana, masiku enawa ndimakhala pa benchi yanga ya kaunjika.

Kadzidzi wa ku Area 18

Takulandirani mayi. Choyamba, mukamuonanso mnyamata wa njingayo mumuuze agone tulo, munaona lumbe. Koma si lumbe wamba uja amalira usiku wa mwezi kuseri kwa nyumba. Ameneyu pa Chingerezi ndi Pennant-winged Nightjar, ndipo kuli anthu amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzasaka chomwe inu mwaona mwaulere mutanyamula ufa. Ine ndinamusaka zaka zitatu ndisanamuone, moti ndikulemba pano kansanje kakundipweteka.

Maliboniwo ndi nthenga, imodzi ku phiko lililonse, ndipo zimamera pa yaimuna yokha nyengo yofuna mkazi. Zimatalika kupitirira theka la mita pomwe mwini wakeyo ndi wosakwana masentimita 30. Ntchito yake ndi kudzionetsera basi, nyengo ikatha zimaduka kapena kuthothoka. Mbalameyi sikhala kuno chaka chonse. Miyezi yozizira kuno imakhala kumpoto, maiko monga Nigeria, Cameroon ndi South Sudan, ndipo imatsikira kuno mu Seputembala ndi Okutobala kudzaswa m'nkhalango za mombo ndi msasa. Chisa simanga, imangoikira mazira pansi pa masamba ouma. Pamsewu imakhalapo chifukwa ndi poyera, imaona bwino tizilombo tikamauluka. Dikirani mvula yoyamba ngumbi zituluke, ndiye phwando lake.

Aphunzitsi a Tadala sananame. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ina mwa iyo ndi ya alendo. Oyamba kufika ndi kabawi wa mlomo wachikasu, amene wayamba kale kuzungulira pamwamba pa msika wa Lizulu kuyambira mu Ogasiti. Sabata yatha ku madamu a zonyansa a ku Kauma ndinaona ma Wood Sandpiper asanu ndi limodzi, timbalame ta miyendo yaitali tomwe timaswera kumpoto kwa Ulaya ndi ku Russia. Zikubwerazi ndi ma European Bee-eater, omwe mumayamba kuwamva kumwamba musanawaone, kenako Paradise Flycatcher wa mchira wautali wofiirira amene amakonda mitengo ya mango ya m'makomo, ndi anamzeze a ku Ulaya omwe amadzaza mawaya a magetsi kuyambira mu Okutobala. Namzeze ameneyu amalemera magalamu 20 okha, ngati masipuni ochepa a shuga, koma amawoloka chipululu cha Sahara kawiri pachaka.

Tsono Lamulungu masana ndiye ayi. Mbalame zili ngati alimi, ntchito zimagwira mmamawa. Ikakwana 9 koloko kutentha kwa masiku anoku zonse zili zii pamthunzi, mukangotopetsa mwana. Pempherani ya madzulo Lamulungu limodzi, kapena benchi muisiyire mnzanu Loweruka mpaka 10.

Malo apafupi kwa inu ndi nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre pa msewu wa Kenyatta, pakati pa Old Town ndi City Centre. Minibasi ziwiri basi kuchokera ku Chinsapo. Pakhomo pamakhala kolipira. Kumeneko amasamalirako nyama, koma inu funsani tinjira totsata mtsinje wa Lingadzi. M'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje muli nkhulukulu, Schalow's Turaco, wobiriwira wa tsumba lalitali, ndipo ameneyu safuna magalasi, ndi wamkulu komanso waphokoso. Muli African Finfoot amene amasambira mobisala m'munsi mwa nthambi, koma ameneyo ndi wamwayi, ine ndamuona kawiri kokha. Mwana asayandikire madzi, ng'ona zilimo.

Ku Kauma musapite nokha ndi mwana ulendo woyamba. Ku Dzalanyama ndiye kuchimake, makilomita ngati 60 kuchokera mtauni, nkhalango yomwe boma linaiteteza mu 1922 ndipo ndi komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, madzi omwe timamwa tonsefe. Kumeneko kuli gogomole wina, Stierling's Woodpecker, amene padziko lonse amapezeka kuno, kummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique kokha. Mwezi uno mitengo ikuphukira masamba ofiira ngati yapsa, mbalame zikuyenda m'magulu osakanikirana, ukhoza kuyenda ola lathunthu osaona kanthu kenako mtengo umodzi n'kukupatsa mitundu khumi. Koma kumafunika galimoto. Fufuzani a Wildlife and Environmental Society of Malawi, nthambi ya Lilongwe imakonza maulendo oyenda limodzi, ndipo pagulu pamapezeka wina wobwereketsa ma binoculars kwa mwana.

Aphunzitsi Opuma, Area 36

Achimwene a ku 18 mwayankha bwino, ndaphunzirapo za Nigeria zija, sindinkadziwa. Koma mundilole ndidandaule pang'ono monga munthu wamkulu. Ndawerenga mayina a Chingerezi asanu ndi awiri m'yankho lanu. Mwana akapita nawo amenewa kwa agogo ake ku Malingunde, adzamvana?

Mayi a Tadala, buku loyamba la mwanayo ndi mayi anu omwe mukuwapititsira mankhwalawo. Mupite naye akagone masiku awiri, akhale nawo pakhonde mmamawa azifunsa chilichonse chalira. Ine ndaphunzitsa zaka 34 m'sukulu za ku Nkhoma ndi ku Mitundu, ndipo zambiri za mbalame sindinazitenge ku koleji, ndinazitenga kwa mayi anga omwe sankadziwa kulemba dzina lawo.

Kwathu mbalame zinali kalendala. Kabawi akaoneka, amayi ankati chisanu chatha, tulutsani dengu lovundikira anapiye, ndipo abambo ankayamba kuyang'ana mipini ya makasu ngati ili yolimba. Lupsa likayamba, ife anyamata tikusaka mbewa, tinkaona nthengu zitandandalika pa nthambi pafupi ndi moto, kumalowa mu utsi mwenimwenimo kuwakha ziwala zomwe zikuthawa. Kambalame kakuda bii, ka mchira wa mphanda, koma kamathamangitsa kabawi amene akukaposa kukula kangapo, kumamujompha pamutu mpaka atachoka. Mukafuna mwana akonde mbalame muyambitseni ndi nthengu, ili paliponse, ngakhale ku Chinsapo pa waya wa magetsi, ndipo siitopetsa kuiyang'ana. Imathanso kutsanzira kulira kwa mbalame zina. Kenako mkuta ukayamba kulira kudambo, kuja kumamveka ngati madzi akutuluka m'botolo, ankati mvula yayandikira, malizani galauza. Sikuti mkuta unkalondola nthawi zonse, zaka zina unkalira mpaka kusasa mawu chizimalupsa osabwera, koma anthu ankaumvera kuposa wailesi.

Za lumbe, agogo anga ankatiuza kuti usiku kukazizira amalumbira kuti mawa amanga nyumba, kukacha dzuwa likawala n'kuiwala, ndiye chifukwa chake mpaka lero amagona pansi. Mwana waulesi ankamutchula dzina lomwelo. Wa nthenga zazitaliyo ndinamuonapo ndili mnyamata, tikuchokera kudambwe, ndipo sitinathawe ayi chifukwa akuluakulu anali atatiuza kale kuti ndi tambala wake. Mnyamata wanu wa njingayo wakulira kumudzi koma palibe anamuuza, ndipo tchire lomwe akanamuoneramo kawirikawiri linapita m'matumba a makala. Ku Dzalanyama komwe mukukutamandako, achimwene, mukukumbukira kuti mu 2015 mpaka boma linatumizako asilikali chifukwa cha makala omwewo. Njinga zodzaza matumba zomwe timakumana nazo mbandakucha pa msewu wa Likuni sizichokera kumwamba, ndipo ogula ndife tomwe, ine ndemwe mbaula yanga ili pakhonde.

Chinanso, mukaona chisa chachikulu ngati mulu wa zinyalala pa mphanda ya mtengo pafupi ndi madzi, ndi cha nantchengwa. Ife ankatiletsa kuchigwira, amati ukachiphwasula uchita misala. Ndikuganiza kuti lamulo limenelo linapulumutsa anantchengwa ambiri kuposa zikwangwani zonse zomwe ndaziona.

Kadzidzi wa ku Area 18

Aphunzitsi, ndagonja, mwandigwira pakhosi. Vuto langa ndi lakuti dzina loti lumbe limakwirira mitundu ingapo, mpheta ndiye osanena, ndiye tikamalemba pa eBird, tsamba la pa intaneti pomwe okonda mbalame timalembapo zomwe taona, timakakamizika kutchula lenilenilo. Koma tsiku lina mudzapite nafe, inu muzitchula a Chichewa ine ndizilemba. Ndili ndi kope lomwe ndinayamba kalekale, lili ndi mayina 41 okha ndipo ena ndikuwakayikira.

Legeni Sakhululuka, Kawale

Inu anthu mukundidabwitsa. Kudzuka 5 koloko, kulipira minibasi ziwiri, kukayang'ana ndiwo zikuuluka n'kubwerako chimanjamanja? Ife ku Kawale tikamati tikukaona mbalame timatanthauza zija zokazinga za pa ndodo!

Nthabwala pambali. Ine ndinali katswiri wa legeni, m'thumba la kabudula simunkasowa miyala, ndipo ulimbo ndinkapika ndekha. Apumbwa a m'mapapaya a anthu anandidziwa. Ndinasiya chifukwa cha kambalame kamodzi. Ndili fomu 2 ndinagenda kena kake pa waya, nditakatola ndinapeza kali ndi kamphete kachitsulo kumwendo, kolembedwa manambala ndi mawu achilendo. Ndinachita mantha ndinakataya m'chimbudzi, kamphete ndi kambalame komwe, poopa kuti eni ake andilondola. Patapita zaka ndi pomwe wina anandiuza kuti amaveka timphete timeneti akatswiri ofuna kudziwa komwe mbalame zimapita, ndipo ndikanangotumiza manambalawo. Mpaka lero zimandinyansa kuti sindidzadziwa komwe kanachokera.

Mayi a Tadala, langizo langa ndi laulere. Tengani chivundikiro chakale cha ndowa kapena mbale yophwanyika m'mbali, thirani madzi osapitirira chala chimodzi, ikani pamthunzi pomwe mphaka sangabisale pafupi. Mwezi uno madzi asowa paliponse, mbalame zibwera zokha. Kwanga kumabwera apumbwa, njiwa, timpheta tabuluu tija ndi tina tofiira ngati tapaka lipisitiki, 6 koloko mmamawa ndi cha m'ma 4 madzulo. Ndimakhala pampando ndi tiyi, legeni ili kutali. Ana a aneba ndi omwe ndimalimbana nawo tsopano, andipatsa dzina loti a Pastor a Mbalame.

A ku 18, za ku Dzalanyamazo ngati pali mpando mundiuze msanga, nkhanga zinapangana kusanapse. Mafuta tisonkha.

Mayi a Tadala, Chinsapo

Ndabweranso kudzathokoza ndi kupereka lipoti, poti mwana akuti ndikapanda kulemba alemba yekha.

Tinapita dzulo. Benchi ndinasiyira mlamu wanga, tinanyamuka kusanache bwino, mbatata yophika m'chikwama. Minibasi yachiwiri inatichedwetsa podikira kudzaza, ndiye tinalowa mochedwerapo kuposa mmene munanenera a ku 18, koma kunali kusanatenthe.

Mphindi makumi awiri zoyamba ndinkangoona masamba. Tadala akuti "amayi imvani", ine ndikumva magalimoto a mu Kenyatta basi, nsapato zanga za pulasitiki zikuphwanya masamba ouma ngati ndikukazinga chimanga. Mtima unayamba kuwerengera ndalama ya minibasi ndi makasitomala omwe ndawasiya. Kenako pamwamba pathu china chake chinayamba kukhosomola, ko ko ko ko, mawu okhuthala ngati a chule wamkulu. Tinayang'ana mpaka khosi kuwawa. Mwana ndi amene anaiona, ikuthamanga pa nthambi ngati gologolo, osati kudumpha ngati mbalame zina. Yobiriwira ngati tsamba lomwelo, tsumba lili njo, kuzungulira diso kofiira, timizere toyera ngati yadzola. Ndinati chabwino, yokongola. Ndiye inatambasula mapiko kupita mtengo wina. Mayo ine! Kufiira kwake, ndagulitsa zovala zaka 11, mabelo ndatsegula osawerengeka, koma nsalu ya mtundu umenewo sinadutsepo m'manja mwanga. Ndinakuwa, mbalame n'kuthawa, mwana n'kundikwiyira.

Titakhala pa chigobo m'mbali mwa Lingadzi, patali ndi madzi monga munanenera, tinaona nantchengwa akuyenda m'matope, kumagwedeza phazi limodzi m'madzi kenako n'kujompha. Chisa chake tinachipezanso, Aphunzitsi, pa mphanda ya mtengo tsidya linalo, chachikulu moti munthu akhoza kubisalamo. Ndinamuuza Tadala za misala zija, anandifunsa ngati ndi zoona, ndinati akafunse agogo ake. Tinaonanso kambalame kabuluu kowala kakudutsa pamwamba pa madzi ngati mwala wa legeni, sitinakaone bwino. Finfoot wanuyo sanabwere. Apusi ndi omwe anabwera, mmodzi anatsala pang'ono kulanda mbatata.

Mwana analemba mitundu 14 m'kope lake la masamu, isanu ndi mayina, inayo analemba zinthu monga "yakuda ya diso lofiira" ndi "yaing'ono yolira ngati foni". Pobwerera pa depoti anandikoka chitenje kundionetsa akabawi atatu akuzungulira pamwamba pa mtsinje wa Lilongwe, pa mlatho pomwe ndimadutsa mlungu uliwonse pokaoda katundu. Sindinayambe ndakwezapo maso pamenepo, ndimakhala ndikuyang'anira chikwama.

A Legeni, chivundikiro cha ndowa taika pansi pa mtengo wa mango. Mpaka pano zamwapo nkhuku za aneba.

Holide ikubwerayi ndimutumiza kumudzi monga mwanenera Aphunzitsi. Ndinawaimbira mayi kuwafunsa za lumbe wa maliboni, anaseka mpaka kutsokomola, akuti amakhala kuseri kwa manda chaka chilichonse ndipo bambo anga ankamudziwa pomwe amaikira. Akuti tibwere mwezi ukakhala wowala, koma tisadzabwere ndi mnyamata wa njinga uja. A ku 18, yakuda ya diso lofiira ija ndi nthengu yomweyo kapena ndi ina?